Tsiku Lodziwana ndi Dokotala

Nditasamuka ku Springburn kupita ku Maryhill, mommuno mu mzinda wa Glasgow, chipatala changa chakale chinandifafaniza m'kaundula. Akuti ndatuluka m'dera lawo, ngati matenda amadziwa malire. Cha pafupi ndi nyumba yatsopano chinali chitadzaza, sichinkalemba anthu ena. Mwezi womwewo, ndikusamba, ndinakhudza kachotupa m'bere lakumanzere. Mantha anandigwira, ndisaname. Mayi anga anapita ndi matenda omwewo.

Mnzanga wina wakutchalitchi, wokonda zapamwamba, anandiuza za madokotala a mamembala: umalipira mwezi ndi mwezi, dokotala n'kukhala wakowako, womuimbira foni ngati mlamu wako. Ndinati palibe kanthu, ndiwonjezera mashifiti kunyumba ya okalamba komwe ndimagwira ntchito, bola moyo.

Anandiitanira tsiku lodziwana. Ndinatchena ngati ndikukaonekera kwa apongozi. Malo ake, abale inu! Mipando yomira, maluwa, khofi wonunkhira, popanda ndi mmodzi yemwe wotsokomola. Kumeneko anthu amadwala mwaulemu.

Dokotala anabwera yekha kudzanditenga, nandikhazika pansi, n'kundifunsa kuti ndili bwanji. Kwathu munthu akakufunsa zimenezo atakhala pansi ndiye kuti akufuna kumva. Ndinayamba kufotokoza, dzanja lili kale pa batani la bulauzi. Iye anakweza dzanja lake akumwetulira.

"Lero ndi longodziwana, mayi. Za m'thupi tidzaona mukalowa umembala."

Umembalawo unalinso ndi mzere wake, mpaka chilimwe. Basi tinacheza za mvula ya Glasgow, ndi za mng'ono wake amene anakakwerapo phiri la Mulanje. Ine kumangovomera, kachotupa kali phee kumvetsera nawo. Potsazikana anandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri, ofunda, ofewa, a zala zazitali. M'basi ndinalira ndi mkwiyo.

Amene anakakhudza kachotupako ndi nesi wina wa m'kwaya yathu, Lamlungu lake, m'chimbudzi cha tchalitchi, manja ali zii ngati nsomba ya m'firiji. Anandikalipira chifukwa chochedwa, m'mawa mwake n'kundikokera kuchipatala cha boma. Kumeneko khofi kunalibe. Bere analichotsa.

Chilimwe chitafika, a mamembala aja anandiimbira foni mwansangala. Akuti malo apezeka, ndipo adokotala akufunitsitsa kundiona. Ndinawathokoza bwinobwino, poti ndinaleredwa, n'kuwauza kuti chimene ndinkafuna adokotalawo aone kulibenso.