Tiyi wa Alendo pa Nkhope ya Edina

Ine ndi koleji tinasiyana mwamtendere. Palibe amene anatukwana mnzake. Iwo anamata zotsatira za mayeso pakhoma, ine ndinaziwerenga mofatsa, kenako ndinapinda matiresi anga n'kukakwera minibasi ya ku Bvumbwe. Ndinkaphunzira za kayendetsedwe ka bizinesi, ndipo mpaka lero ndimakhulupirira kuti mabizinesi ambiri m'dziko muno anapulumuka tsiku limenelo.

Mayi anga amagulitsa kabichi ndi tomato m'mbali mwa msewu. Anandilandira bwino, koma posakhalitsa anayamba kundiyang'ana ngati mmene amayang'anira tomato wotsala dzulo. Chinandipulumutsa ndi mutu wa mng'ono wanga. Tsiku lina ndinamuluka mizere yopitira kutchalitchi, ndipo mayi wina amene anakhala kumbuyo kwake sanamve ulaliki, ankangotsatira mizereyo ndi maso. Mayiyo anali anti Eneless, mwini saluni ina pafupi ndi geti la esiteti ya tiyi. Potuluka anafunsa amene analuka mwanayo, ndipo anthu anandiloza ine.

"Yawongoka," anatero. "Mawa mubwere. Akuti munali ku koleji? Palibe kanthu, tikhululuka."

Kuyambira tsiku limenelo dzina langa linakhala a Koleji.

Saluniyo inali chipinda chimodzi: kalilole wamkulu wong'aluka pakona, beseni, mipando, ndi draya imodzi imene inkagwira ntchito ngati magetsi akondwa. Akazima, kasitomala ankakaumitsa tsitsi padzuwa, ndipo anti ankati imeneyo ndi draya ya Mulungu, ilibe switchi. Poyamba ntchito yanga inali kutsuka mitu ndi shampu, kumasula mawaniwani akale ndi chipeso cha mchira, kugawa meshi m'timagawo tofanana, ndi kupaka mafuta pachipumi ndi m'mbali mwa makutu tisanaike rilaksa kuti isawotche khungu. Kunkabwera akazi a mamanijala, aphunzitsi ochokera kumpoto, anamwino, komanso amayi othyola tiyi, amene ankafika Loweruka masana manja akununkhirabe masamba.

Phunziro loyamba la anti linali lakuti chipeso sichigwiridwa usanayang'ane nkhope. Nkhope yozungulira imafuna tsitsi lokwera pamwamba kuti italikeko. Yaitali imafuna lotambalala m'mbali. Wa chipumi chachikulu umamugwetsera tsitsi lina kutsogolo, "osati kukokera zonse kumbuyo ngati mukutsegulira bwalo la mpira." Dayi nayenso ali ndi eni ake: khungu lakuda kwambiri limakondana ndi dayi wofiirira ngati dothi la kwathu kuno mvula itagwa, koma wachikasu amalichititsa kutuwa.

Phunziro lachiwiri linali la faundeshoni, ndipo limeneli simungalipeze kusukulu iliyonse. Mabotolo ake amakhala ndi manambala, koma anti manambala ankawanyoza. Ankawatchula monga mmene munthu wa ku Thyolo amatchulira chilichonse, ndi tiyi. Wakuda kwambiri anali tiyi wa kapitawo, uja wowira mpaka supuni kuima yokha. Wofiirira anali tiyi wa m'mawa. Wotsatira anali wa mkaka pang'ono. Woyera kwambiri anali tiyi wa alendo, uja timathira mkaka wonse wa m'nyumba kuti atione ngati anthu. Poyesa, umapaka kadontho pansagwada n'kumutengera kasitomala pakhomo pamene pali kuwala kwa dzuwa. Ine ndinayesa padzanja, monga ndinkaonera pa foni.

"A Koleji," anti anatero, "alipo amene anakwatira dzanja?"

Kwa amayi othyola tiyi pali chinthu chinanso. Pamwamba pa chipumi pawo pamakhala poyererako chifukwa pamakhala pophimbidwa ndi duku tsiku lonse. Ukayesa pamenepo, wasokera.

Tsopano ndinene za Edina. Edina anali wothyola tiyi, kasitomala wathu wa Loweruka, wankhope yozungulira ndi khungu losalala lowala, tiyi wa kapitawo weniweni. Anapalana ubwenzi ndi Yohane, kalaliki wa pa sikelo, ndipo chinkhoswe chawo chinakonzedwa kwawo kwa Edina ku Mphuka. Tsikulo anti anali ndi mkwatibwi wina pasaluni, choncho anandipatsa chikwama cha zida n'kunditumiza ndekha koyamba.

"Kapitawo," anandiuza. "Milomo yofiirira, tsitsi likwere pamwamba. Musakachite za ku koleji."

Ndinafika m'mawa, anthu akukhoma tenti pabwalo. Anandilowetsa kuchipinda kumene kunali Edina ndi anzake. Ndisanatsegule n'komwe chikwama, Edina anagwada n'kutulutsa jumbo pansi pa bedi. Munali wigi yaitali yachikasu ngati ndevu za chimanga, ndi botolo la faundeshoni limene anagula yekha ku Limbe. Tiyi wa alendo. Alendo ake ochokera kutali.

Ndinafunsa chifukwa. Akuti Yohane ali ndi azakhali ake a ku Lilongwe, amene anamuona Edina kamodzi n'kunena kuti mtsikanayo ndi waulemu koma dzuwa la m'munda lamupsereza. Mawuwo anayenda mpaka kumufika. Edina anawabwereza akuseka, koma maso ake sankaseka nawo.

"Lero andione," anatero.

"Achemwali, tiyi ameneyu si wanu."

"Nkhope ndi ya ndani?"

Apa ndiye koleji inandikumbukira. Pa zonse zimene anandiphunzitsa, chiganizo chimodzi chokha ndi chimene chinakhazikika m'mutu mwanga: kasitomala ndi bwana. Ndikuganiza kuti ndi funso lokhalo limene ndinakhoza pa mayeso. Munthu sataya chinthu chotere.

Ntchito ndinaigwira mwaluso, pamenepo ndisadzichepetse. Ndinamuluka mizere yogona kuti wigi ikhale bwino, ndinapaka guluu m'mphepete mwa chipumi, ndinakhazika wigi n'kuipesa. Faundeshoni ndinaidinda ndi siponji pang'onopang'ono, phauda pamwamba, nsidze ndi pensulo, lipisitiki ya pinki. Nditamaliza ndinabwerera m'mbuyo kuti ndione. Pampando panali mkazi wokongola ndithu, koma sindinkamudziwa. Nkhope yotuwa ngati wachokera kuchigayo, khosi lakuda bii, mutu ngati wobwereka. Anzake anaomba m'manja. "Eee, ngati wa pa TV!" Palibe amene ananena pulogalamu yake.

Amene anakhalapo pa chinkhoswe akudziwa sewero lake. Akuchikazi amatulutsa atsikana mmodzimmodzi atawafunditsa chitenje, ndipo nkhoswe ya kuchimuna imavundukula n'kunena kuti si ameneyu, anthu n'kumaseka, mpaka atatuluka mwini nkhani. Akamuvomera, m'pamene amasinthana nkhuku, tambala kuchokera kuchimuna, msoti kuchokera kuchikazi. Nkhoswe ya Yohane inali malume ake, a Makwinja, kapitawo wopuma ntchito amene anayang'anira Edina m'munda zaka zambiri. Bambo wa jekete lakuda ndi magalasi, amene sindikukhulupirira kuti anayamba wanenapo nthabwala mwadala. Tambala anali atamangidwa miyendo pansi pa mpando wawo. Yohane anakhala pambali pawo atazolika, monga amachitira akamwini. Azakhali a ku Lilongwe aja anali pamzere wakutsogolo akudzikupiza ndi mpango.

Woyamba anatuluka. A Makwinja anavundukula, anali mtsikana wa sukulu. "Si ameneyu." Phokoso, nthungululu. Wachiwiri anali mayi wina woyembekezera. "Ameneyu ali kale ndi mwini wake." Anthu anaseka mpaka kugwirana. Wachitatu anali Edina. Ine ndinaima pakona ya nyumba, siponji m'manja, ndikudikira kuti dzina langa limveke ku Mphuka konse.

A Makwinja anavundukula chitenje. Anayang'ana.

"Si ameneyu."

Anthu anaseka kuposa poyamba, poganiza kuti mkuluyo wawonjezera sewero. Nkhoswe ya kuchikazi inaimirira ikumwetulira. "Tayang'anitsitsani bwino, achimwene."

A Makwinja anavula magalasi, anawapukuta ndi tayi, anawavalanso, n'kuwerama pang'ono.

"Ndayang'ana. Mayiwa ndi aulemu wawo, mwina ndi a bungwe. Koma ife tabwerera Edina."

Kuseka kunayamba kuzima, kuyambira kutsogolo kupita kumbuyo. Edina analankhula motsitsa: "Ndine, a kapitawo."

Mkuluyo anadzidzimuka, anayang'ana uku ndi uku. "Mawu ndi ake," anatero. "Mwamuika kuti?" Anang'ung'udza zina m'Chilomwe, kenako anakhala pansi n'kuponda chingwe cha tambala. "Nkhuku iyi sichoka pano mpaka Edina abwere."

Edina anadzifunditsanso chitenje yekha n'kubwerera m'nyumba mothamanga. Ine ndinamutsatira, chifukwa kwina kothawira kunalibe, ndipo minibasi ku Mphuka siipezeka ukaifuna.

Ndinamupeza atakhala pabedi akulira. Misozi inali itatsegula timisewu tiwiri pakati pa tiyi wa alendo uja, ndipo m'timisewumo ndinaona Edina akubwerera pang'onopang'ono.

"Sinditulukanso," anatero. "Andichititsa manyazi pamaso pa azakhali aja. Auzeni anthu azipita."

Kunja kunali anthu a midzi iwiri, mpunga wophikaphika, ndi mkamwini wozolika amene khosi linali litayamba kumupweteka. Ndinafufuza m'mutu mwanga mawu a ku koleji oyenera pamenepa, koma munalibe. Ndinangonena zimene ndinaona.

"Achemwali, bambo uja wapatsidwa mkazi wa pa TV pamaso pa anthu onse. Wakana. Akuti akufuna inuyo, ndipo waponda nkhuku. Ine kwathu ku Bvumbwe palibe amene anandiponderapo nkhuku."

Anandiyang'ana. Kenako kuseka kunamutulukira m'mphuno, pamodzi ndi zina zimene sindizitchula. Analoza wigi.

"Chotsani chimanga chanuchi."

Sindinamukumbutse kuti chimangacho anagula ndani. Kasitomala ndi bwana.

Wigi yomata siizulidwa, ungachotse ndi tsitsi lam'mphepete lomwe. Ndinanyowetsa thonje ndi mafuta n'kumapaka pamzere wa guluu mpaka inayamba kumasuka yokha. Thonje lina ndi mafuta omwewo linachotsa faundeshoni, kenako madzi ofunda ndi sopo, n'kupukuta modinda, osati mokhula. Mwayi wanga unali wakuti mizere ya pansi pa wigi ndinailuka yowongoka, chifukwa manja anga yokhota sayidziwa. Ndinaipaka jeli pang'ono, ndinasonkhanitsa nsonga zake pamwamba pa mutu, n'kukulungapo meshi yakuda kuti pakhale kamfundo kokwera, kotalikitsa nkhope yozungulira ija. Kenako ndinamukokera kukhomo la kuseri, padzuwa, n'kudontheza tiyi wa kapitawo pansagwada. Anasowa. Faundeshoni yoyenera imatero, imalowa pakhungu osasiya adiresi. Pazikope ndinapakapo kagolide pang'ono, chifukwa khungu lakuda limanyamula golide kuposa wina aliyense, ndipo milomo ndinaipatsa lipisitiki yofiirira yakuya.

Nthawi yonseyi akuchikazi ankagula nthawi. Amayi anayambitsa nyimbo, ndipo nkhoswe yawo inapitiriza kutulutsa anthu ofunditsidwa ngati kuti zonse zinakonzedwa choncho. Anatulutsa asuweni, anatulutsa oimba kwaya, anatulutsa mayi wophika atagwira chipande. Ndinkamva "si ameneyu" kudzera pawindo, wina pambuyo pa mnzake. Atsikana atatha m'mudzimo, mayi wina analowa ndi chitenje akundiyang'ana ine. Ndinamuuza kuti ndili pa ntchito.

Edina anadziyang'ana pa kalilole wanga wam'manja nthawi yaitali.

"Ndikuoneka ngati ine," anatero, ngati akudandaula.

"Pepani, achemwali. Ndi amene akufunidwa panjapo."

Anamufunditsa, anamutulutsa. A Makwinja anaimirira, anakonza jekete, anavundukula. Anayang'ana monga ankayang'anira dengu la tiyi ngati muli masamba okhwima. Kenako anagwedeza mutu.

"Eya. Ameneyu ndiye. Munamubisa kuti nthawi yonseyi?"

Nthungululu zimene zinalira pamenepo ndikukhulupirira zinamveka ku Thekerani. Yohane anaiwala mwambo, anadzutsa mutu, n'kukhala kukamwa yasa mpaka malume ake anamugunda ndi chigongono. Tambala anamasulidwa pansi pa mpando, msoti anabwera, zinthu zinatheka.

Pa nthawi ya chakudya azakhali a ku Lilongwe aja anandipeza ndikulongedza maburashi. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Ndinu mwamukonza mtsikanayu? Khungu lake likuwala bwino. Mwamupaka nambala chani?"

"Kapitawo, mayi."

Anabwereza dzinalo kawiri kuti asaliiwale. Ndikuganiza kuti akulifunafunabe m'mashopu a ku Lilongwe.

Lolemba ndinapeza anti Eneless akudziwa kale zonse, chifukwa nkhani pa esiteti imathamanga kuposa thirakitala yonyamula tiyi. Sanandikalipire. Anandisiya nditsuke mitu mpaka masana, kenako anati: "Kasitomala ndi bwana, inde. Koma bwanayo amabwera ndi nkhope imodzi yokha, ndipo achibale ake anaizolowera."

Lero ndili ndi mpando wangawanga m'saluni momwemo, ndipo akwatibwi ambiri amafunsa a Koleji. Wigi ija ili pandodo m'dimba la mayi ake a Edina, ndipo akuti mbalame sizifikako. Mawigi sindidana nawo, ndimawaveka tsiku ndi tsiku, achikasu omwe, kwa amene amawakhala. Koma mtsikana akabwera ndi chithunzi pa foni n'kunena kuti akufuna kuoneka chonchi, ndimachiyang'ana chithunzicho mwaulemu wonse, ndimayang'ana nkhope yake, kenako ndimamutengera pakhomo padzuwa n'kumufunsa funso limodzi lokha, limene ku koleji sanandifunsepo:

"Achemwali, tikatha pano, ankhoswe akakudziwani?"