Kazitape wa mu Komiti ya Odwala

Bertha Njobvu anafika ku Kafue asanathe msinkhu, kuchokera ku Katete, atate ake atapeza ntchito yokonza njanji. Anakulira komweko, nakwatiwa ndi Jackson, yemwe ankayendetsa makina pa fakitale ina, nabereka mwana dzina lake Collins. Boma litasintha mu 1991, mabwana ankauza antchito akumwetulira kuti asaope, palibe amene achotsedwe. Jackson anakhulupirira mpaka m'mawa umene mlonda anamubweza pageti. Kuyambira pamenepo Bertha ndiye anasenza banja, akugulitsa salaula, zovala zakaunjika, pamsika wa komboni ya Nangongwe, ndipo munthu aliyense woyankhula akumwetulira ankamuyang'ana ngati malaya a m'belo: kuwatembenuza kaye, kufuna pamene anang'ambika.

Kutchalitchi kokha ndi kumene mtima wake unkakhala pansi. Zaka zimenezo matenda aja a Edzi anali atalowa m'komboni, anthu akuwonda m'nyumba, achibale akutseka makatani. Parishi inapempha anthu odzipereka kuti aziyendera odwala, ndipo Bertha anaimika dzanja woyamba. Komitiyo inkayenda Lachinayi lililonse: kusambitsa wodwala, kuchapa zofunda, kuphika phala, kupemphera kolona, ndi kukauza wansembe ngati wina akufuna kudzozedwa. Wapampando anali ba Fines, mphunzitsi wopuma, munthu wofatsa wosafuna phokoso. Lamulo lawo lalikulu linali lakuti zoona m'nyumba ya wodwala zimathera pakhomo pomwepo.

Ndiye kunabwera Peggy. Anali mayi wachitonga wogula nsomba ku Chanyanya n'kumagulitsa m'tauni, wamtali, woseka ndi aliyense. Ku Misa ankafika mochedwa, njinga yake ikununkha nsomba, koma pantchito analibe mphwayi. Mabala amene ena ankawaopa, iye ankawatsuka akuimba. Odwala anamukonda msanga. Bertha sanamukonde. Munthu wachilendo amadziwa bwanji nyumba zonse za m'Nangongwe mwezi usanathe? Nanga mwamuna wake amapemphera kuti, popeza kutchalitchi sanaonekepo?

Nthawi yomweyo achinyamata a Pente anali atatsegula mpingo m'kalasi ya sukulu, ali ndi kiyibodi ndi sipika. Bertha anayamba kuona chinthu chomwe chinamusowetsa mtendere. Nyumba imene komiti yalowa Lachinayi, sabata isanathe a Pente afikamo, mataye pakhosi, Mabaibulo m'khwapa. Poyamba anati zangochitika. Kachiwiri anayamba kukayikira. Kenaka kunadza za Obed.

Obed anali kondakitala wa minibasi, Mkatolika wobatizidwa ali khanda. Komiti inamusamalira miyezi yambiri, ndipo amene ankamumwetsa phala anali Peggy. Atamwalira, amayi a komiti anavala zitenje zawo za mpingo n'kupita kukayamba nyimbo za maliro. Anapeza sipika ili kale pawindo, mnyamata wa suti akulalikira kuti m'bale Obed anabadwanso mwatsopano asanatsirizike. Amayiwo anakhala kuseri kwa nyumba ngati alendo. Bertha atakweza maso, anaona Peggy akupatsana moni ndi mtsikana wina wa Pente, akuseka, atagwirana manja.

Kwa Bertha mlandu unathera pomwepo. Anayamba kumulondalonda. Anaona kuti Peggy amagulitsa nsomba pakhomo pa m'busa wa Pente. Anamva kuti mng'ono wake wa Peggy amaimba kwaya kumeneko. Chilichonse chinkalowa m'malo mwake ngati batani m'bowo lake. Jackson anayesa kumuletsa.

"Amake Collins, wogulitsa nsomba amagulitsa kwa aliyense. Nanga inu salaula mumafunsa ubatizo?"

"Imwe munakhulupirira mabwana," anayankha Bertha.

Pamsonkhano wa komiti, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi, Bertha anadikira pemphero lotsegulira lithe, n'kuimirira.

"Ba cheyamani, muno muli munthu amene atenga odwala athu kupereka ku Pente. Tisambika ise, bokolola ni bena."

Ba Fines anavula magalasi. "Amake Collins, nkhani yotere ifunika umboni."

"Umboni ni maliro ya Obed. Mufunseni uyu, anali kuseka na ndani?"

Onse anatembenukira kwa Peggy. Iye anayang'ana Bertha, kumwetulira kuja kutachoka.

"Uja mtsikana nimamugulitsa nsomba. Manje moni nayo yakhala tchimo?"

Ena anayang'ana pansi, ena kumwamba kwa mango, ndipo ba Fines anati nkhaniyi aipempherere kaye. Peggy anapinda chitenje chake cha mpingo bwinobwino, nachiika pabenchi, nakankha njinga yake kutuluka pageti. Lachinayi lotsatira sanabwere, ngakhale Lamulungu.

Bertha anayembekeza kuti tsopano zitha. Sizinathe. A Pente ankafikabe m'nyumba zomwezo, ngakhale mwa odwala atsopano amene Peggy sanawaonepo. Bertha sanaganize kuti analakwa; anaganiza kuti akazitape anali awiri. Anayamba kuyang'ana amayi ena mmodzimmodzi, mpaka ba Fines amene. Pamisonkhano anthu anasiya kuyankhula momasuka. Awiri anasiya komiti, akuti ntchito zachuluka kunyumba. Mabala aja ankatsuka Peggy anatsalira Bertha, ndipo iye ankawatsuka atagwira mpweya.

Tsiku lina anaganiza zowagwira yekha. Panali Audrey, mayi wamasiye amene ankagona m'kachipinda ka lendi pafupi ndi msika, ana ake atatengedwa ndi achibale a mwamuna. Bertha anasiya salaula kwa mnzake Lolemba masana, tsiku losakhala la komiti, n'kupita. Ali panja anamva kuimba. Anakankha chitseko osaodira. Atsikana awiri a Pente anali m'katimo, wina akupesa tsitsi la Audrey, wina akukolopa. Atamuona anatsanzika mwaulemu n'kutuluka.

Bertha anakhala pamphepete pa bedi. "Audrey, niuze zoona. Ndani wa mu komiti anabatuma kuno?"

Audrey anaseka, kuseka kwakeko kunathera m'chifuwa. Atapuma anati, "Nabaitana neka, amake Collins. Benze kupita pa windo apa, nabakuwira."

"Iwe? Mkatolika?"

"Nikali Mkatolika. Kolona yanga iyi pansi pa pilo. Koma imwe mubwera pa Chinayi. Masiku enawa nikamba na ndani? Na khoma? Olo a Chitawala, a Mboni aja, akapita, nizabaitana. Obed naye anali kuchita chimodzimodzi, ninamuuza ndine."

Bertha anaimirira. Anayang'ana chipindacho: mbale imodzi, ndowa, windo laling'ono loyang'ana kunjira kumene anthu ankadutsa osacheuka. Anamaliza kukolopa pamene mtsikana uja anasiyira, nabwerera kumsika.

Zinamutengera milungu kuti apite ku Chanyanya kukafuna Peggy. Anakwera galimoto ya ogula nsomba, napeza Peggy padooko akutsutsana mtengo ndi asodzi. Bertha sanali munthu wodziwa kupepesa. Anatulutsa chitenje chija m'chikwama, chochapa ndi kusita, nanena kuti komiti ikumufuna, ndipo zimene zinanenedwa pansi pa mango zinali zolakwika.

"Zinanenedwa na ndani?" anafunsa Peggy.

Bertha anati, "Na ine."

Peggy analandira chitenjecho, koma anapukusa mutu. Anati kuno nakonso anthu akudwala, ndipo iye ndi amayi ena a kutchalitchi chaching'ono cha komweko ayamba kale kuwayendera. Ku Nangongwe sabwereranso. Anamupatsa Bertha nsomba zouma zoti akapatse Audrey, natembenukira kwa asodzi ake.

Pamsonkhano wotsatira Bertha anapempha kuti komiti igawane masiku, aliyense akhale ndi nyumba zake zoti azidutsako pakati pa sabata, ngakhale kungokhala pang'ono n'kucheza. Ba Fines anavomera mofulumira, ngati munthu amene amutula katundu. Anthu anali ochepa, moti sizinatheke monga anafunira, koma Audrey sanadikirenso Lachinayi kuti aone Mkatolika. Anamwalira mvula itayamba, ndipo pamaliro pake panaimbidwa nyimbo za mipingo iwiri, mosinthana. Bertha anaimba nawo zonse, koma maso ake anali pa mnyamata wa kiyibodi, yemwe ankaoneka kuti akukweza sipika dala nthawi iliyonse amayi a komiti akayamba yawo.