Bawuti Wamfupi M'thumba la A Chitini

Dzina loti a Chitini linachokera ku chitini cha penti chimene chimakhala pansi pa tebulo m'galaja mwawo. Bawuti aliyense amene anamasulapo pa moyo wawo, wadzimbiri kapena wotha mazinga, ali m'menemo. Akazi awo amati tsiku la maliro awo chitinicho chidzafuna bokosi lakelake. Iwo ndi munthu wosakonda zolankhulalankhula. Galimoto ikalowa, amayimvetsera kaye ngati mwana wodwala, kenako n'kuyala katoni pansi, n'kulowa kunsi. Anthu ambiri a mumsewu umenewo amadziwa bwino zidendene zawo kuposa nkhope.

Chimene chimawatopetsa pa dziko lino ndi chimodzi: katsanzikidwe ka akazi awo. Mayiwa akati "muyende bwino", ndiye kuti nkhani yangoyamba kumene. Amatsanzika pakhonde, n'kutsanzikanso pageti, n'kukamaliza atagwira chitseko cha galimoto injini ikulira. A Chitini akhala akudandaula zimenezi chikwatirane.

Mkamwini wawo, dokotala wa ziweto, atamusamutsira kumapiri, anabwera ndi galimoto yake kuti apongozi ayike chichitsulo chotchinga kunsi. Msewu wa kumeneko ndi wa miyala yokhayokha, ndipo mwala ukamenya sampu, chija chosungira oyilo pansi pa injini, ulendo wathera pomwepo. M'galimotomo munali moti mukwere mwana wawo wamkazi ndi kamdzukulu kongoyamba kumene kuyenda, choncho a Chitini anagwira ntchitoyo ndi mtima wonse.

Mabawuti akumbuyo anafunika aatali, poti amadutsa m'chitsulo chochindikala. Koma bowo limodzi lakutsogolo linali pansi penipeni pa sampu, ndipo bawuti wamtali pamenepo akanatulukira kuseri kwa nati n'kuloza sampuyo ngati mkondo. Iwo anadula wina ndi sowo, n'kumupala kunsonga, n'kumuyika pa katoni. Ali kunsi choncho, anaona timiyendo tikubwera. Kamdzukulu kanatola bawutiyo, ulendo wa kukamwa.

"Taya, iwe, si switi ameneyo," anatero, n'kukalanda, n'kuponya bawutiyo m'thumba la ovolosi.

Kanalira, iwo anatuluka kukatonthoza, mayi anayitana za tiyi. Pobwerera kunsi kuja, dzanja linangopita lokha m'chitini monga mwa chizolowezi, n'kutenga bawuti wina. Analowa bwinobwino, sipanala inalimba, ndipo iwo anamenya chichitsulocho ndi chikhato n'kunena kuti zatheka.

Galimoto inanyamuka dzuwa litakwera, mayi atakweramo kuti akatsikire kwa mng'ono wawo kumapeto kwa tauni. A Chitini anasesa m'galaja, anakonza njinga ya munthu wina, ndipo pofuna kasanza kopukutira m'manja, anapisa m'thumba. Zala zinakhudza chitsulo chosalala kunsonga. Sanafunike n'kuchiyang'ana komwe.

Anaona m'maganizo mwala ukumenya chichitsulo chija, bawuti wamtali ukuboola sampu, oyilo akudontha m'fumbi popanda wodziwa, injini n'kuuma pakati pa mapiri pomwe foni siigwira, mwana ali m'manja. Chitsulo chimene anayika kuti chiteteze ana awo ndicho chikanawapweteka.

Anayimbira mkamwini, foni inangolira. Ndi iwo omwe anamukalipirapo kuti asamayankhe foni akuyendetsa, ndipo mnyamatayo ndi womvera mopitirira muyeso. Ya mwana wawo inali yozima. Ya mayi, aliyense amadziwa kuti imakhala pansi pa chikwama, yokwiriridwa ndi nsalu ndi mankhwala a mutu. Anatenga sipanala ndi katoni, n'kukwera njinga yamoto ya wowotcherera zitsulo woyandikana nawo, galaja n'kuyisiya chitsegukire. Njira yonse ankawerengera kuti pofika pano galimoto yadutsa kale mlatho, yayamba miyala. Anaganiza zongodzera kwa mlamu wawo kuti afunse nthawi imene anawo anachoka.

Atakhota pa ngodya, anayiona. Galimoto inali pansi pa mtengo pageti, injini ikulira, mkamwini ali pa chiwongolero nkhope ili yofatsa ngati ya munthu wodikira jakisoni. Mayi anali atagwira chitseko, mng'ono wawo atagwira china, onse awiri akulangiza za chimfine cha mwana.

A Chitini anatsika n'kukhala kaye pamwala. Mtima unatsika mpaka anamva ngati alire.

"Kwagwanji, bambo?" anafunsa mkamwini akutuluka.

"Zimitsani injini, akamwini. Ndalakwitsa kanthu."

"Inuyo?" anatero mwana wawo. "Ababa, mwabwera pa njinga chipewa mulibe?"

Iwo anali atayala kale katoni. Anamasula bawuti uja, n'kusuzumira m'bowo ndi tochi ya foni. Pa sampu panali kakanda kowala, kang'ono ngati njere ya mpunga, kamene mabampu a m'tauni okha anali atalemba kale. Analowetsa wamfupi uja, ndi washa wake, n'kumanga. Kenako anayendera ena onse mmodzimmodzi, atamaliza n'kubwerezanso, ngakhale ankadziwa kuti ali bwino.

Atatuluka anaonetsa mkamwini ndi chala kutalika kwa bawuti amene anachotsa uja, n'kumuuza kuti akayenda pamiyala masiku oyamba, akalowe kunsi akayese ngati onse akadali olimba.

"Tikanakhala titapita kalekale," anatero mkamwini motsitsa mawu, akuyang'ana kumbali, "koma amayi anali asanamalize."

"Ndamva zimenezo," anatero mayi. "Ndipo sindinamalize. Inu abambo, mwathana nacho chitsulo chanucho? Muziwauzatu ana anyamuke, si paja mumati ndimachedwetsa anthu?"

A Chitini anayang'ana bawuti wamtali m'dzanja lawo, anayang'ana kamdzukulu kamene kanali katagona pamiyendo pa mayi ake, kukamwa kuli yasa. Anapinda katoni yawo bwinobwino, n'kuyiyika pamwala paja, n'kukhalapo.

"Tsanzikani, mayi," anatero. "Musasiyeko kanthu."