Tizingwe ta m'thumba mwa amuna anga

Ine munthu akayamba kuimba mluzu popanda chifukwa ndimadziwa kuti pali kanthu. Amuna anga anauyamba mluzuwo titakhala ndithu ku West Bromwich. Tinabwera pa viza yanga, ine wosamalira okalamba, iwo n'kupeza ntchito yonyamula makatoni kuweyahausi, munthu amene ku Lilongwe anali makaniki wodziwika. Miyezi yoyambayo ankangoti ndwii, kuyankhula kwake kochita kukoka. Ndiye mwadzidzidzi Loweruka lililonse asamba m'mamawa, n'kumati, "Ndikupita ku Longbridge, kuli mdala wina ndikumuthandiza kukonza boti."

Boti? Ku Birmingham? Nyanja yake iti? Madzi amene ndinkawadziwa ine kuno ndi a m'ngalande zija zakuda bii zodutsa kuseri kwa mafakitale. Ndinati mumtima, bambo inu, bodza lake likhaleko laulemu. Ndinaona kuti banja langa likupita, ndipo wolitenga ali ku Longbridge, wavala siketi.

Tsiku lina ndikuchapa ndinapeza tizingwe m'thumba la jekete lawo. Tabuluu, tosalala, tomangidwa mfundo zachilendo kumapeto, penapake topakidwa kofiira. Ndinatijambula pa foni n'kukaonetsa mayi wina wa ku Chipata amene timapemphera naye. Anangoyang'ana kamodzi.

"Amake mwana, bamumanga mwamuna wanu. Izi si nthambo chabe."

Tinapemphera mpaka mawu kusasa. Nditafika kunyumba ndinatiduladula ndi sizasi n'kutaya m'bini ya panja. Loweruka amuna anga anagudubuza nyumba yonse.

"Mayi, waonako tizingwe tabuluu?"

"Tizingwe tanji?" ndinatero, maso ali gwa.

Anakhala pampando ngati aferedwa. Akuti anatiyeza tsiku lathunthu, akuti tofiira tija n'tosonyeza pomangira. Mwamuna wamkulu, wandevu, kudandaula chingwe! Apa m'pamene ndinatsimikiza kuti mankhwalawo agwiradi.

Sabata yotsatira ndinasinthana shifiti ndi mnzanga n'kuwatsatira. Tiramu, kasitima koyenda mumsewu, mpaka m'tauni, kenako sitima yeniyeni, ine ndili kumbuyo chipewa cha jekete ndakokera kumaso ngati wakuba. Njira yonse ndinkakonza mawu oti ndikamuuze mkaziyo, Chingerezi chake ndi Chichewa chomwe. Ku Longbridge anadutsa mashopu, nalowa kanjira ka kuseri kwa nyumba, natsegula geti. Ndinawerama n'kusuzumira.

Abale inu, boti linalipo. Loyera, lokhazikidwa pa ngolo ya matayala, lalitali kuposa galaja. Pansi pake panali mzungu wokalamba, manja akunjenjemera, kapu ya tiyi ikuchita kugwedera. Mkazi ayi, ngakhale nsapato yake. Mdalayo ndi amene anandiona.

"Ndinu akazi ake! Lowani, lowani."

Manyazi ake! Amuna anga anali pamwamba pa makwerero kumbuyo kwa botilo, sipanala m'manja. Anandiyang'ana, nayang'ana chipewa changa. Mdalayo anandiuza kuti anagwira ntchito pa fakitale ya magalimoto ya pomwepo mpaka inatsekedwa, ndipo anakumana ndi amuna anga m'shopu ya mabawuti. Koma ine mtima sunakhale pansi. Maso anga anali pa chitsulo chimene ankamangacho: chonyezimira, cha miyendo ngati ya chiwala, pamwamba kathabwa kopyapyala koimirira, pansi chinthu chonga nkhafi.

"N'chiyani chimenecho?"

Amuna anga anatsika. Nkhope inawala, mwina anaiwala kuti ndawatsatira. "Taona mayi. Kathabwa aka umakalozetsa kumene kukuchokera mphepo. Boti likangopatuka, mphepo imakakankha n'kupendekeka." Anakakankha ndi chala chimodzi, nkhafi ija n'kutembenuka. "Madzi amaikankhira nkhafiyi kumbali, iyo n'kukoka zingwe, zingwe n'kukoka chiwongolero. Boti labwerera m'njira. Popanda injini, popanda batire. Komanso sichifuna girisi, mchere umakakamira. Umangotsuka ndi madzi abwino."

Zingwe zake zinali zabuluu, zatsopano, zodutsa m'timawilo. Ndinayang'ana kumbali.

Komabe china chake chinkandinong'oneza. Munthu sakonza chinthu chotero chifukwa cha ngalande. Ndinafunsa mdala uja m'Chingerezi kuti nanga osangogwira chiwongolerocho ndi manja bwanji.

Anaseka. "Kwa masabata? Munthu ayenera kugona, ayenera kuphika. Pa nyanja yaikulu ichi ndiye chimakuyendetsani usana ndi usiku. Ine manja awa satha kumanga ngakhale mfundo. Popanda mwamuna wanu sindikanalota n'komwe zowoloka." Anaima, natiyang'ana tonse awiri. "Kodi sanakuuzeni kuti tikupita limodzi?"

Ine ndi amuna anga tinabwerera ku siteshoni. Ndinali nditakonzekera kumenyana ndi mkazi, mawu onse ali m'kamwa, koma tsopano ndinalibe womulalatira. Mantha okhaokha. Amuna anga sadziwa kusambira, ngakhale m'bafa amachita kugwira m'mbali.

"Mumafuna mundiuze liti? Muli pakati pa madzi?"

"Ndinkaopa."

"Ndiye mundisiye ine ndi mwana, dziko la eni, muzikatsatira kathabwa?"

"N'kubwerera, mayi. Miyezi yochepa chabe." Anayang'ana njanji. "Kuno ndimanyamula makatoni. Paja pali chinthu chimene ndamanga ndi manja anga, ndipo chikuyenda. Ndimafuna ndichione chili m'madzi."

"Nanga ndikakana?"

"Ukakana sindipita."

Ndinawayang'anitsitsa, kufunafuna bodza pankhope pawo. Ndikanalipeza bwenzi zitandipepukira. Panalibe.

Ndinakana. Ndipo musandiyang'ane choncho, nanunso mukanakana. Ndani angapite kukauza apongozi kuti mwana wanu anamira ine nditavomereza?

Sanakangane nane. Anapitirizabe kupita Loweruka mpaka chitsulocho chinatha. Mdala anapeza munthu wina woti apite naye, mwana wa mlongo wake, ndipo amuna anga ndi amene anamuphunzitsa zonse: kulozetsa kathabwa, kukunga zingwe osalimbitsa kwambiri, kuchotsa nkhafi polowa padoko. Tsiku limene lole inabwera kudzakoka botilo kupita kugombe, anathandiza kulimanga, nabwera kunyumba dzuwa likadali pamutu. Anakhala pa sofa nsapato osavula.

Ndinali nditapambana. Mwamuna wanga anali m'nyumba, wamoyo, wouma. Ndinawafunsa kuti adya chiyani.

"Chilichonse chimene wakonza, mayi."

Ndinkayesa n'za tsiku lokhalo. Koma kuyambira pamenepo, kaya ndifunse za sukulu ya mwana, kaya zosamuka nyumba, kaya zopita kwathu pa Khirisimasi, yankho lake ndi lomwelo.