Makiyi a ku Gwirathumba

Inu amene mumayamba mwameza malovu munthu akakufunsani kuti mumakhala kuti, nkhaniyi ndi yanu.

Tsiku limene anamuchotsa ntchito, mnyamata wathuyu sanabe kanthu, sanachedwe, sanatukwane munthu. Anangoyankha funso limodzi moona.

Ankadula makiyi m'sitolo ina yogulitsa zitsulo m'tauni. Ndiye kunyumba kwa kasitomala wina kunalowa akuba osathyola chitseko, mwiniwake n'kubwera akulalata kuti alipo amene anadzidulira kiyi wachiwiri. Bwana anayang'ana antchito ake mmodzimmodzi, maso n'kuima pa mnyamatayo.

"Kodi iwe paja umakhala kuti?"

"Ku Gwirathumba, bwana."

Mlandu unathera pomwepo. Pambuyo pake zinadziwika kuti wakubayo anali mlamu wa kasitomala yemweyo, koma kupepesa sikunabwere, ntchito nayo sinabwerere.

Dera limeneli lili nalo dzina lake lenileni, koma ndani akulikumbukira? Kalekale pasiteji ya basi panali anyamata opisa m'matumba, ndipo makondakitala ankati akafika pamenepo n'kumachenjeza anthu kuti agwire matumba. Anyamatawo anakalamba, ena anatisiya, wina pano amasoka nsapato ali ndi zidzukulu pamwendo. Koma dzina linatsala, linakakamira ngati fungo la utsi m'malaya. Paja amati nsomba ikaola imodzi, zonse zaola.

Wamakiyi, monga ankamutchulira anzake, anali mwana wamasiye. Anamulera ndi azakhali ake, mayi wamawu akuluakulu amene ankagulitsa matimati ndi makala pamphambano. Anthu a m'deralo ankawasungitsa makiyi a nyumba popita kuntchito, koma kwa mnyamatayo zimenezo sizinali nkhani. Anazikulira, ankaziona ngati kutuluka kwa dzuwa.

Tsiku lomuchotsa ntchitolo analira ngati mwana, nkhope ataibisa kuseri kwa matumba a makala. Azakhali anamusiya alire mpaka misozi ithe, kenaka anati, "Manja sanakulande. Dzuka."

Anayenda m'masitolo kufuna ntchito mpaka nsapato zinayamba kuseka. Kulikonse ankamukonda akaona luso lake, kulikonse nkhope zinkasintha akatchula kwawo. Potsiriza azakhali anamuthandiza kupeza makina akale odulira makiyi, olira ngati akudwala chifuwa, n'kuwaika m'kashedi kuseri kwa benchi pamene ankagulitsira malonda awo. Koma ndani wa m'tauni akanabweretsa kiyi wa nyumba yake ku Gwirathumba? Choncho ankanyamula tupa ndi zitsulo m'chikwama, n'kumayenda khomo ndi khomo kukonza maloko.

Apa m'pamene anaphunzira kunama. Akafunsidwa, ankati amakhala kumtunda, pafupi ndi sukulu. Akakwera basi limodzi ndi munthu womudziwa, ankatsikira pasiteji ya kusukuluko, n'kumaliza ulendo wapansi, dzuwa likumuwamba. Bodza limadyetsa, inde, koma limalemetsa miyendo.

Tsiku lina azakhali anamumva akunena zomwezo pafoni.

"Iwe, wasamuka liti osanditsanzika?"

"Azakhali, ndi za ntchito izi."

"Chabwino, bwana wa kumtunda. Ukamaliza ubwere udzadye kuno kwa akuba."

Anaseka ponena, koma tsiku lonselo ankapanga milu ya matimati osayimba nyimbo zawo za masiku onse. Mnyamatayo anadziwa kuti wawalasa pamtima, ndipo zinamupweteka.

Miyezi inapita, iye akulimbikirabe. Loko wokana kutseguka ankamunyengerera mpaka avomere, osathyola. Kiyi akadula ankamusalaza ndi tupa kuti asang'ambe thumba la mwini. Mbiri sigonera: anayamba kuitanidwa uku ndi uku, ngakhale zinali ntchito zing'onozing'ono zongopezera sopo.

Kenaka mwayi unagogoda. Mayi wina amene anali atangomanga nyumba za lendi anasangalala ndi mmene anakonzera loko wa pageti pake. Anafuna kumupatsa ntchito yonse: kuika maloko m'zitseko zonse, kudula makiyi apadera, ndi kumasamalira zonsezo mpaka m'tsogolo. Inali ntchito yoti imuchotse pa msewu.

"Koma tamvera," anatero mayiwo. "Makiyi anga sindipatsa munthu wongoyenda ndi chikwama. Ndikaone kaye kumene umagwirira ntchito. Kwera galimoto."

Wamakiyi anakwera mtima uli m'mwamba. Njira yonse ankasinkhasinkha mabodza: anene kuti makina anawonongeka, kapena aloze shedi ya munthu wina. Koma nkhope ya azakhali inkangomubwerera. Atafika pasukulu paja, pamene anawanamiza kuti amakhala, mayiwo anachepetsa liwiro.

"Pitirirani, mayi," anatero chapansipansi.

Phula linatha, fumbi linayamba. Mayiwo anayang'ana uku ndi uku, anakweza magalasi, anakhoma zitseko, chikwama chawo n'kuchiika pansi pa miyendo. Mnyamatayo anaziona zonse.

"Kuno si ku Gwirathumba kuno?"

"Ndi komweko, mayi. Ndinabadwira kuno. Ndinakunamizani chifukwa ndinkaopa kuti mundikana."

"Ndipo ndakukanadi. Ndionetse potembenukira."

Kanjirako n'kopapatiza, ngalande mbali zonse. Malo okha otembenuzirapo galimoto anali pamphambano, pabenchi pa azakhali. Ndipo inali nthawi yoweruka, anthu ali piringupiringu, moti mayiwo anayenera kuima kudikira mpata.

Ali chiimire anaona zachilendo. Kuseri kwa mayi wa matimati kunali thabwa lalikulu lokhomedwa misomali, msomali uliwonse uli ndi kiyi wake. Wina womangidwa kansalu kofiira, wina chitsekerero cha botolo, wina kachingwe ka nsapato. Anafika bambo wa ovolosi, azakhali n'kutambasula dzanja osacheuka, kiyi m'manja. Anafika namwino atatopa, chimodzimodzi. Anafika mayi wobereka mwana, analandira kiyi wake pamodzi ndi uthenga woti amuna ake adutsa kale, akuti asawadikire.

Mayi wa galimoto anatsitsa galasi pang'ono.

"Pepani amayi, makiyi onsewo ndi a ndani?"

"A mzere wonsewu ndi wa kuseri uko," anayankha azakhali. "Nyumba zathu kiyi ndi mmodzi, okhalamo ndi ambiri. Wotsiriza kutuluka amasiya pano, woyamba kubwera amatenga. Bwanji, mukufuna kusiya wanu? Msomali ulipo."

"Ndiye sipasowa kanthu m'nyumbamo?"

"Chimene chimasowa kuno ndi matimati anga, nkhuku za aneba zikandizembera."

"Nanga inu mukachokapo?"

Azakhali analoza ndi chibwano mnyamata amene anali atazolika m'galimotomo. "Amasunga ndi bwana wa kumtundayo. Anayamba asanamere ndevu. Nyumba zonse mukuonazi zakhala m'manja mwake, ndipo sinasowepo ngakhale supuni."

Wamakiyi anadzutsa mutu, n'kuliyang'ana thabwa lija ngati akuliona koyamba. Anali atayenda tauni yonse kufunafuna womuchitira umboni, pomwe umboni unali lendelende pamisomali, kuseri kwa matimati.

 Mayiwo anazimitsa galimoto, anatsika, n'kupita kukaona makina akale aja m'kashedi. Chikwama chija anachiiwala momwemo, chitseko chili chotsegula, ndipo pobwerera anachipeza mmene anachisiyira. Anapisamo, natulutsa mpukutu wa makiyi a nyumba zawo zonse.

"Bodza lija usadzalibwerezenso," anatero pomupatsa.

"Sindidzabwerezanso, mayi."

"Akadzabwereza mudzandiuze," anatero azakhali, akupukuta maso ndi nsonga ya nsalu. Amati ndi fumbi la makala.

Ntchito ija anaigwira bwino, ndipo inabala zinzake. Okhala m'nyumba za lendi zija anauza abale awo, mayi aja anauza anzawo omanga nyumba. Kashedi kanasanduka shopu ya njerwa, yokhala ndi makina atsopano ndi achinyamata a m'dera lomwelo amene akuphunzira ntchito. Polemba chikwangwani, wopenta anamulangiza kuti dzina la deralo alisiye, lingathawitse anthu. Wamakiyi anati alilembe ndi zilembo zikuluzikulu kuposa zina zonse.

Sindikunamizani kuti dzina lija linayera lonse. Alipobe amene amakweza magalasi akamadutsa. Koma lero munthu akataya kiyi m'tauni, amene ali pafupi amamuuza kuti, "Pitani ku Gwirathumba, akakuthandizani." Ndipo Wamakiyi amatsikira pa siteji ya kwawo, masana, aliyense akuona.

Inu amene anakuweruzani asanakuoneni, chifukwa cha dzina la kumene mumagona: dzinalo simunalipereke ndinu, koma tanthauzo lake la mawa lili m'manja mwanu. Gwirani ntchito yanu mokhulupirika, ndipo musawakane anthu amene anakusungani pamene ena ankakutsekerani zitseko. Mwina umboni umene mukuusaka kutali uli pakhomo panu pomwepo. Osataya mtima, ndipo akakufunsani kwanu, yankhani mutu uli m'mwamba.