Ana amene sanajambulidwe

Chaka chimene mng'ono wanga anafika Sitandade 8, ine ndinali ndi mwana wa miyezi isanu ndi iwiri kumbuyo. Amayi athu anali atamwalira, ndiye mtsikanayo ankakhala ndi ine kufupi ndi Golomoti. Ineyo sukulu ndinalekezera Sitandade 5. Kuwerenga ndimatha, koma pagulu mawu amandithawa. Ngakhale kusikelo anesi akandifunsa kanthu, ndimayamba ndayang'ana pansi.

Amalume anali atanena kale maganizo awo. Kunali bambo wina wogula mpunga ku Bwanje amene anatuma anthu kudzafunsira mng'ono wangayo. Amalume anati, "Alembe mayeso chaka chino. Akakhoza apitirize sukulu. Koma zobwerezanso kalasi ayi, wakula uyu. Akabwereza ndikawavomera anthu aja." Mng'ono wangayo anali atabwereza kale kawiri, nthawi imene ankadwazika amayi.

Mwana asanalembe mayeso a boma amayamba wajambulidwa, chithunzicho chimapita pa chiphaso cholowera m'chipinda cha mayeso. Tsiku lojambula litayandikira tinabwereka simbi yamakala, tinasita yunifolomu yake mpaka kolala inaima. Ananyamuka m'mawa akuyenda ngati wasenza mazira. Masana ndinamupeza atakhala kuseri kwa khitchini, yunifolomu ili m'thupi, akukanda pansi ndi kamtengo.

"Wajambulitsa?" ndinamufunsa.

"Atidumpha, achemwali."

"Akudumphani bwanji?"

"Amaitana mayina. Ife amene sitinakhoze bwino mayeso oyeserera ati tidikire chaka chamawa. Ati tikalemba tigwetsa sukulu."

Kuyambira tsiku limenelo sindinakhazikike. Ndinkati ndikayamba kutsuka mbale, ndimapezeka ndaima pamsewu ndikuyang'ana kusukulu. Ulendo woyamba ndinafika pamjigo wa pasukulupo, ndinamwa madzi ndi kubwerera. Wachiwiri ndinafika mpaka pakhonde la ofesi. Ahedi anatuluka, choko ili m'manja, nati, "Tikuthandizeni, mayi?" Ine ndinati ndimangodutsa. Palibe njira imadutsa pakhonde limenelo.

Amuna anga anandiseka. "Amake mwana, akulembani ntchito ya ulonda kusukuluko?"

"Pitani inuyo, mukayankhule."

"Ine ndine mkamwini. Za mbumba ya eni ndizilowa bwanji? Kauzeni amalume."

Kwa amalume ndiye kumene sindinkafuna kuti nkhaniyi ifike. Ndinamuuza mng'ono wanga kuti azipitabe kusukulu tsiku lililonse ngati palibe chachitika.

Sabata yotsatira kunali msonkhano wa makolo umene umachitika chaka ndi chaka. Kumabwera alangizi a maphunziro, amene amayang'anira sukulu zonse za m'dera lathu, kudzafotokoza mmene ana akuchitira. Anafika pa njinga yamoto atanyamula chipepala chachikulu chopindidwa, aphunzitsi awiri nachikhoma pa mtengo wa mango. Panali mizere yoimirira, sukulu iliyonse mzere wake. Abambo anakhala pamabenchi, ife amayi pansi. Dzuwa linali loswa mtengo, thukuta la mwana ndi langa linasakanikirana pamsana.

Alangizi analoza mzere wa sukulu yathu ndi ndodo. Anati ukukwera chaka chilichonse, ana ambiri amene amalemba amakhoza. Anatchula za ana amene anapita kusekondale, wina amene akuphunzira unesi, ena ukalipentala ndi zamagetsi. Amayi analuluta. Ine ndinaomba m'manja pamodzi ndi anzanga, mtima uli kwina.

Pamisonkhano yotere mayi wamba saimirira yekha. Ukakhala ndi nkhani umanong'oneza apampando a gulu la amayi, iwo ndiwo amakuyankhulira. Ndinakwawa pang'onopang'ono mpaka ndinafika pamene anakhala, ndi kuwauza.

"Osati lero," anandiyankha osandiyang'ana. "Pali alendo. Mukufuna ahedi aone manyazi?"

Ndinabwerera pamalo panga. Mwina ndinamupana mwana pokwawa paja, chifukwa anayamba kulira, kulira kwenikweni. Bere anakana. Amayi oyandikana nane anayamba kundiyang'ana, ndiye ndinaimirira kuti ndimugwedeze, ndichoke naye pagulupo. Nthawi yomweyo n'kuti alangizi atangofunsa ngati pali wina ali ndi funso.

"Eya, mayi obereka mwana inu," anatero akundiloza ndi ndodo ija. "Tikumveni."

Ndinayang'ana kumbuyo. Panalibe wina woimirira. Ndinaganiza zonena kuti ndimapita kukasintha thewera. Koma ndinali nditaima kale, anthu onse atacheuka kale. Manyazi amene ndinkawaopa anali atandipeza basi.

"Pepani," ndinatero, "ine sukulu sindinapite nayo patali. Ndimati ndifunse, ana amene sanajambulidwe aja ali pati papepalapo?"

"Kwezani mawu, mayi. Ana ati?"

"Amene anauzidwa kuti adikire chaka chamawa. Mng'ono wanga ali pomwepo. Akadikira amukwatitsa."

Ahedi anaimirira, nafotokoza kuti iwo amachitira ubwino ana omwewo, kuti kubwereza n'kwabwino kusiyana ndi kulemba n'kulephera. Sankayankhula mwaukali, ndipo ndikukhulupirira kuti mbali ina ankanena zoona. Ali mkati moyankhula, mayi wina kumbuyo kwanga anati, ali chikhalire, "Wanganso anamubweza." Kenaka bambo wina pabenchi, "Ndi wanga yemwe."

Alangizi anaika ndodo pansi natulutsa kope. Anafunsa mayina a anawo mmodzimmodzi. Anati mwana aliyense amene ali mu Sitandade 8 ayenera kulembetsa, ndipo mayina anali asanatumizidwe kuboma. Zina anakakambirana ndi ahedi muofesi, ife sitinazimve.

Pobalalika apampando anandikoka chitenje. "Anthu ofatsa inu ndinu oopsa," anatero. "Mumakhala ngati madzi a m'mtsuko, kumeneko muli ndi ng'ona." Sindinadziwe ngati akundinyoza kapena akundiyamikira. Ndinangoti zikomo.

Wojambula anali atapita kale, ndiye anawo anauzidwa kuti akajambulitse okha ku Mtakataka. Tinakwera minibasi, yunifolomu itakulungidwa m'chitenje kuti isachite makwinya, anakavalira kuseri kwa sitolo. Pachithunzicho anatuluka atatong'ola maso ngati waona njoka.

Ndinkayesa kuti mtima ukhala pansi, koma ayi. Ahedi anasiya kundipatsa moni. Mphunzitsi wina wamkazi anandipeza pamsika ndikusankha usipa, nati, "Akalephera mudzabwerenso, mayi, mudzaimirirenso." Mawu amenewo ndinayenda nawo dzinja lonse. Mpunga utayamba kucha sindinalole kuti mng'ono wanga akaingitse mbalame. Ndinkapita ndekha, mwana kumbuyo, kukuwa ndi kugwedeza zitini kuyambira m'mawa, iye ali pakhomo ndi makope. Pobwera ndinkamufunsa zimene wawerenga. Ankandifotokozera za tizigawo ta masamu, ine n'kumavomera ngati ndikumva. Tsiku lina ndinamupeza akugona masana, ndinamukalipira mpaka analira. Ndinachita manyazi pambuyo pake, chifukwa mantha anali anga.

Zotsatira zitatuluka anazimata pakhoma la ofesi. Sindinathe kudikira kuti abwere adzandiuze. Ndinamutsatira, ndinalowa pakati pa ana ndi makolo, ndinayendetsa chala pamayina ndekha. Ena mwa anzake aja sanakhoze, ndipo mayi anayankhula kumbuyo kwanga pamsonkhano uja ndinamuona akubwerera ali yekha. Dzina la mng'ono wanga linali chakumunsi. Anakhoza, ndipo anamusankhira kusekondale yoyendera.

Madzulo ake tinapita kwa amalume. Anatiyalira mphasa, namvetsera zonse akusenda nzimbe. Kenaka anamufunsa mng'ono wanga kutalika kwa ulendo wopita kusekondaleko.

"Ndi patali ndithu, amalume. Wapansi ndingafike dzuwa litakwera."

"Uzitenga njinga yangayi," anatero. "Koma mawa ayi. Mawa ndili nayo ulendo wa ku Bwanje, ndikawauze anthu aja kuti ayang'ane kwina."