Dzanja la Malemu m'Kope la Mizu

Alamu anga anatsuka mizu zaka khumi ndi chimodzi, koma dzina lawo silinalembedwe paliponse. Wolembedwa ntchito kumalo ofufuza za mbewu anali amuna awo, achimwene anga. Ntchito yake inali kudzala nyemba m'timachubu ta mchenga, zina kuzimana chakudya, kenako kuzizula, kuyeza mizu ndi kulemba m'kope.

Maso a achimwene atayamba kuchita nkhungu, kuntchito sanauze munthu. Timachubu ankabwera nato kunyumba pa njinga. Alamu akatha kutsuka mbale, ankathira madzi ena m'beseni lomwelo, n'kumachotsa mchenga kumizu ndi nthenga ya nkhuku kuti isaduke. Anaphunzira kulemba ngati amuna awo, mpaka seveni wawo wa lamba m'chiuno uja.

Tsiku lina anandionetsa muzu wautali, woonda ngati ulusi.

"Mlamu, uwu ndi wanjala. Chakudya chikachepa m'nthaka, timadzi totsika kuchokera kunsonga ya chomera, ati mahomoni, timauza muzu kuti pita kutali, usaime. Nanga taonani wokhutawu, kufupika kwake. Ulesi wokhawokha!"

"Ukunena ine, mkazi iwe," anatero achimwene ali pampando, akuseka.

Achimwene anamwalira pa 9. Nyemba sizinamve za maliro, zinangokulabe. Tsono alamu m'mawa uliwonse ankazula ziwiri, kutsuka, kuyeza, kulemba.

Patatha masabata atatu bwana wa achimwene anabwera kudzatenga kope. Ine ndinalipo. Analitsegula ataima pakhomo, n'kumatembenuza masamba. Kenako chala chake chinaima.

"Mayi, malemu tinawaika pa 11. Apa alemba pa 12, pa 13, mpaka dzulo."

Alamu anayang'ana pansi. Akanati malemu analemberatu, ntchito yonse ikanasanduka bodza. Akanati ndine, zikanadziwika kuti malemu anabisa kusaona kwawo zaka zonsezi.

"Ndibwerekeni cholembera, bwana."

Pansi pa tsamba alamu analemba seveni. Ndinaona achimwene anga papepalapo, inki isanaume.

Bwana anayerekeza seveniyo ndi ena a m'kopemo, kenako anafunsa:

"Kuyambira liti?"

"Chaka chimene mwana wathu wotsiriza anayamba kuyenda."

Bwana anang'amba masamba onse a pambuyo pa 9, n'kuwapinda bwinobwino, n'kuwaika m'manja mwa alamu.

"Malemu anali munthu wakhama. Kope lawo lathera apa."

Mbiri ya achimwene sinaipe. Masamba aja ali m'sutukesi, pansi pa zovala zosavalidwa.

Chaka chatha ndinalandira kalata ya alamu. Pa envelopu panali dzanja la achimwene, ndipo inatha masiku awiri pathebulo ndisanaitsegule. Nditakumana nawo ndinadandaula.

"Pepani mlamu," anatero. "Dzanja langa ndinalifunafuna. Sindinalipeze."